KUSALA ZAKUDYA KOCHEPETSA THUPI: NTHAWI YODYERA NDI KUTALIKA KWA KUSALA

Phunziro la akristu ndi aphunzitsi a m'maparishi

Masiku ano kwamveka mtundu wina wa kusala zakudya umene sunachokere ku tchalitchi, koma kwa madokotala ndi kwa olemba za umoyo a ku Ulaya ndi ku America. Anthu ambiri a m'mizinda, makamaka amene thupi lawakulira, ayamba kuwerenga maola: ena salawa kanthu kufikira dzuwa lili pamutu, ena adya kamodzi kokha pa tsiku, ndipo ena adzimana masiku awiri pa mlungu. Popeza mau akuti kusala ndi mau a m'Eklezia, mafunso a nkhani imeneyi afika kawirikawiri kwa aphunzitsi ndi kwa ansembe. Kodi munthu asale maola angati kuti thupi lichepe? Kodi adye nthawi yanji? Nanga kusala kotereku kungalowe m'malo mwa kusala kwa Lenti? Phunziro lino liyankha mafunso atatuwo motsatana. Mutu wake ndi uwu: chimene chichepetsa thupi ndi kuchepa kwa chakudya, osati kutalika kwa njala, ndipo kudya dzuwa lisanalowe kuthandiza koposa kuonjeza maola a kusala.

1. CHIFUKWA CHOPHUNZIRIRA NKHANIYI

Kuyambira kale anthu a kuno aona kunenepa ngati chizindikiro cha mtendere ndi chuma, ndipo munthu akaonda, anzake ayamba kunong'onezana kuti kapena wadwala. Koma madokotala atsimikiza kuti mafuta ochuluka, makamaka a pamimba, aitana matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, matenda a mtima ndi kufa kwa ziwalo. Kafukufuku wa zaumoyo amene anachitika m'Malawi mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa akazi 100 alionse a zaka 15 mpaka 49, akazi 21 anali onenepa kupitirira muyeso, pamene mwa ana 100 osakwana zaka 5, ana 37 anali opinimbira. Chifukwa chake m'parishi imodzi, ngakhale m'banja limodzi lomwe, mupezeka wina woyenera kuchepetsa kudya ndi wina woyenera kumuonjezera. Malangizo a kuchepetsa thupi akhudza woyambayo yekha.

Muyeso umene achipatala agwiritsa ntchito ndi uwu: atenga makilogalamu a munthu nawagawa ndi msinkhu wake wa m'mamita, kenaka agawanso yankho ndi msinkhu womwewo. Yankho likafika 25, munthuyo wapitirira muyeso. Likafika 30, kunenepa kwake nkodetsa nkhawa. Munthu wa msinkhu wa mamita 1.6 afika pa 25 akalemera makilogalamu 64, ndipo afika pa 30 akalemera makilogalamu 77. Wosafika pa 25 alibe chifukwa chosalira kuti thupi lichepe.

2. MITUNDU ITATU YA KUSALA KUMENEKU

Mtundu woyamba ndi kudya m'maola owerengeka tsiku ndi tsiku. Ambiri asala maola 16 nadya m'maola 8. Mwachitsanzo, atsiriza mgonero 6 koloko madzulo, nadzafisula 10 koloko m'mawa. Njira imeneyi inatchuka pambuyo pa 2012, pamene Satchin Panda ndi anzake a ku Salk Institute, ku California, anayesa mbewa. Mbewa zonse zinapatsidwa chakudya cha mafuta ambiri, koma zina zinaloledwa kudya nthawi iliyonse, zina maola 8 okha. Ngakhale zinadya muyeso wofanana, za maola 8 zija sizinanenepe monga zinzake. Komatu mbewa si munthu, ndipo zimene zinapezeka pa anthu zifotokozedwa m'munsimu.

Mtundu wachiwiri ndi kudya monga mwa masiku onse kwa masiku 5 pa mlungu, ndi kudzimana kwambiri masiku 2. Anaufalitsa ndi Michael Mosley wa ku Britain, pa kanema wa BBC mu 2012. Mphamvu ya chakudya aiyeza m'makalori, ndipo munthu wamkulu asowa makalori 2,000 mpaka 2,500 pa tsiku; koma pa masiku awiri odzimanawo mkazi adya makalori 500 okha, mwamuna 600.

Mtundu wachitatu ndi kudumphitsa masiku: lero kudya bwino, mawa kudya gawo limodzi lokha la magawo anai a chakudya cha tsiku, mkuja kudyanso bwino.

3. ZIMENE ZICHITIKA M'THUPI

Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi buledi zikagayidwa m'mimba zisanduka shuga wa m'magazi. Pamenepo thupi litulutsa insulini, amene ntchito yake ndi kulowetsa shugayo m'ziwalo. Wotsala asungidwa m'chiwindi ndi m'minofu, monga m'dengu la ufa wa masiku owerengeka. Chiwindi chisunga pafupifupi magalamu 100. Dengu likadzaza, zotsala zisanduka mafuta, ndiwo nkhokwe yaikulu ya thupi. Munthu akakhala osadya maola 12 kapena kuposerapo, za m'dengu zichepa, insulini atsika, ndipo thupi liyamba kutapa kwambiri m'nkhokwe ya mafuta.

Apa ndi pamene ambiri asokera. Aganiza kuti popeza thupi latapa m'nkhokwe m'mawa, ndiye kuti nkhokweyo yatsika. Koma mwini nkhokwe amene atapa lichero limodzi m'mawa nathiramo malichero awiri madzulo, pakutha pa chaka apeza nkhokwe yake itasefukira. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi isunga makalori pafupifupi 7,700, ndicho chakudya cha masiku atatu athunthu. Nchifukwa chake mafuta satha msanga. Makilogalamu amene munthu ataya pa mlungu woyamba, ambiri ndi madzi amene asungidwa pamodzi ndi shuga wa m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo abwerera munthuyo akangoyamba kudya monga kale.

4. KODI KUSALA KOTALIKA NDIKO KOPAMBANA?

Madokotala anayesa nkhaniyi pa anthu kangapo, ndipo mayankho ao agwirizana.

Mu 2020 ofufuza a ku University of Illinois, ku Chicago, anagawa anthu onenepa m'magulu. Gulu lina linkasala maola 20 nkudya m'maola 4. Lina linkasala maola 18 nkudya m'maola 6. Patapita milungu 8, magulu onse awiri anataya chimodzimodzi, pafupifupi makilogalamu 3 pa makilogalamu 100 alionse a kulemera kwao, pakuti onse anachepetsa chakudya ndi makalori pafupifupi 550 pa tsiku. Maola awiri oonjezera a njala sanapindule kanthu.

Pa sukulu yomweyo, mu 2017, anafalitsa zotsatira za anthu 100 amene anawatsata chaka chathunthu. Odumphitsa masiku anataya makilogalamu 6 pa 100 alionse. Ochepetsa pang'ono chakudya cha tsiku lililonse anataya 5.3 pa 100. Kusiyana kunali kochepa, koma amene analekera panjira anachuluka mwa odumphitsa masiku: 38 pa 100, pamene mwa enawo anali 29 pa 100.

Mu 2020, ku San Francisco, anthu 116 anayesedwa milungu 12. Ena anauzidwa kudya kuyambira 12 koloko masana kufikira 8 koloko usiku, osauzidwa za muyeso wa chakudya. Ena anauzidwa kudya katatu pa tsiku. Oyambawo anataya magalamu 940, enawo magalamu 680, kusiyana kumene ofufuzawo sanakuwerengere kanthu. Ndipo mwa osala amene anapimidwa mosamala, gawo lalikulu la zimene anataya silinali mafuta ai, koma minofu ndi zina zosakhala mafuta.

Mu 2022, ku Guangzhou, m'dziko la China, anthu 139 anachepetsedwa chakudya mofanana kwa chaka chathunthu. Theka la iwo linkadya kuyambira 8 koloko m'mawa kufikira 4 koloko madzulo. Theka lina linkadya nthawi iliyonse. Oyamba anataya makilogalamu 8.0, achiwiri 6.3, ndipo ofufuza anaweruza kuti kusiyanako sikunali kokwanira kutsimikiza kuti maola ndiwo anathandiza.

Phunziro la zonsezi nlomveka. Kusala kwa maola kuthandiza ndithu, koma kuthandiza chifukwa kutseka pakamwa pa nthawi imene munthu akanadya zosafunika. Ndi mpanda wotchinga dimba, si mbeu ai. Wosala maola 20 nadzadya mitanda inai ya nsima pa nthawi imodzi wangodzizunza chabe. Njira yabwino ndi imene munthu angaisunge chaka ndi chaka, pakuti kuthamanga si kufika.

5. KODI NTHAWI YODYERA ILI NDI KANTHU?

Inde, ili ndi kanthu, ngakhale kosaposa muyeso wa chakudya. Mulungu anaika m'thupi la munthu wotchi yake imene itsata usana ndi usiku. Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphotho ya Nobel mu 2017 chifukwa chofotokoza m'mene wotchi yotere iyendera m'zamoyo. Chifukwa cha wotchi imeneyi, thupi lilandira bwino shuga m'mawa koposa usiku, kotero kuti mbale imodzimodzi ya nsima ikweza shuga wa m'magazi kwambiri ikadyedwa usiku.

Ku Spain, mu 2013, Marta Garaulet ndi anzake anafalitsa za anthu 420 amene ankachepetsa thupi kwa milungu 20. Amene ankadya nkhomaliro 3 koloko isanakwane anataya makilogalamu ambiri koposa odya mochedwa, ngakhale chakudya chao chinali chofanana muyeso. Mu 2022, ku Birmingham wa ku Alabama, m'dziko la America, anthu 90 analangizidwa onse kuchepetsa chakudya kwa milungu 14. Amene ankadya kuyambira 7 koloko m'mawa kufikira 3 koloko masana anataya makilogalamu 6.3, pamene odya m'maola 12 kapena kuposerapo anataya 4.0. Chaka chomwecho, ku Boston, anthu 16 anapatsidwa chakudya chimodzimodzi, ulendo wina mofulumira, ulendo wina mochedwa ndi maola 4. Podya mochedwa njala yao inakula, ndipo thupi linatentha mphamvu yocheperapo. Ku Aberdeen, m'dziko la Scotland, mu 2022 momwemo, anthu 30 anataya makilogalamu ofanana pakudya kwambiri m'mawa ndi pakudya kwambiri madzulo, koma pamene ankadya kwambiri m'mawa njala siinawavute kwambiri.

Tsono pa njira ziwiri za kusala maola 16, kulumpha mfisulo ndi kudya usiku, kapena kufisula bwino ndi kufulumiza mgonero, yachiwiri ndiyo igwirizana ndi chibadwa cha thupi. Chizolowezi cha anthu ambiri a pa ntchito za m'mizinda chili chotsutsana ndi ichi: m'mawa tiyi wa shuga wambiri, masana mandasi kapena chipisi ndi chakumwa cha m'botolo, ndipo 9 koloko usiku nsima yaikulu, kenaka kugona. Wofuna kuchepetsa thupi ayambe kukonza pamenepa asanaganize za maola 16.

6. MALANGIZO KWA WOFUNA KUYAMBA

Choyamba, ayambe ndi maola 12, monga kuchokera 6 koloko madzulo kufikira 6 koloko m'mawa, pakuti ambiri a maola amenewa ndi a tulo. Akazolowera, afike pa maola 14. Kupitirira maola 16 sikuoneka kuti kuonjeza phindu.

Chachiwiri, mgonero ukhale wopepuka, ndipo udyedwe maola awiri kapena atatu asanagone. Asachoke pa mphasa ya banja lake chifukwa cha wotchi. Ndi bwino kuti banja lonse lifulumize mgonero, iye nachepetse nsima yake. Alonda, anamwino ndi ena ogwira ntchito usiku sangathe kutsata maola amenewa. Iwo angopewa kudya kwambiri pakati pa usiku.

Chachitatu, pa nthawi ya kusala amwe madzi okwanira, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Tiyi wopanda shuga ndi mkaka aloledwa. Thobwa, maheu, mowa ndi zakumwa zotsekemera ndi chakudya ndithu. Botolo limodzi laling'ono la chakumwa chotsekemera likhala ndi shuga wokwana timasipuni pafupifupi 8.

Chachinai, pa nthawi ya kudya achepetse nsima, nachulukitse ndiwo. Mgaiwa uposa ufa woyera. Nyemba, nandolo, usipa, mazira ndi nsinjiro zisunga minofu. Nkhwani, bonongwe, chisoso ndi mpiru zikhutitsa popanda kunenepetsa.

Chachisanu, agwiritse ntchito thupi. Kuyenda mwandawala mphindi 150 pa mlungu, kulima kapena kupalasa njinga kuteteza minofu kuti isathe pamodzi ndi mafuta.

Chachisanu ndi chimodzi, asayembekeze zodabwitsa. Kutaya theka la kilogalamu pa mlungu nkokwanira. Munthu wa makilogalamu 80 akataya 4 mpaka 8, shuga ndi kuthamanga kwa magazi ziyamba kale kutsika. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

7. AMENE SAYENERA KUSALA MOTERE

Ana ndi achinyamata amene akali kukula, amai oyembekezera ndi oyamwitsa, okalamba ofooka, oonda, ndi odwala chifuwa chachikulu kapena nthenda ina yoondetsa, onsewa asayese. Asayesenso amene ali ndi vuto loopa chakudya kapena lodzisanzitsa atadya. Odwala shuga amene abaya insulini kapena amwa mapiritsi monga glibenclamide ali pa ngozi yaikulu, pakuti akamwa mankhwala osadya, shuga angatsike kwambiri, munthu nanjenjemera, natuluka thukuta, nakomoka, ngakhale kufa kumene. Aliyense womwa mankhwala tsiku ndi tsiku ayambe wafunsa ku chipatala, pakuti safunsa anadya phula. Aphunzitsi anene zimenezi momveka m'miphakati. Lamulo lachisanu la Mulungu, loletsa kupha, liletsanso kuononga moyo wa iwe mwini.

8. KUSALA KWA EKLEZIA NDI KUSALA KWA SIKELO

Eklezia anadziwa kale kuti nthawi yodyera ndi gawo la kudziletsa. Papa Gregory Wamkulu, powerenga njira zisanu zimene dyera ligwetsera munthu, anaika poyamba kudya nthawi isanakwane; zinazo ndi kufuna zakudya zapamwamba, kudya mopitirira, kudya mwaphuma ndi kusankha mopambanitsa. Benedict Woyera, m'malamulo amene analembera amonke m'zaka za m'ma 500, anaika nthawi ya chakudya motsata nyengo. Kuyambira Pasaka kufikira Pentekoste amonke ankadya masana ndi madzulo. Kuyambira pakati pa Seputembala kufikira Lenti ankadya kamodzi, pa ora lachisanu ndi chinai, ndiyo 3 koloko masana. Pa Lenti ankadya madzulo. Koma analamula kuti nthawi zonse chakudya chithe kukali koyera, osasowa nyali, ndipo analola mkulu wa amonke kufewetsa lamulo pa nyengo ya ntchito ya m'munda ndi ya kutentha. Sanalembe zimenezi kuti amonke aonde, koma zinthu ziwiri zimene madokotala aziphunzitsa lero zilimo: kutsiriza kudya usiku usanagwe, ndi kulinganiza kusala ndi mphamvu za munthu.

Eklezia mwini wake wafupikitsa maola a kusala poona kusowa kwa ana ake. Kale wolandira Ukaristia ankasala kuyambira pakati pa usiku. Papa Pius XII analola madzi mu 1953, nachepetsa kusala chakudya kufika pa maola 3 mu 1957. Papa Paul VI anaika ora limodzi mu 1964, ndipo ndilo lamulo lero. Mu 1966 Papa yemweyo anakonzanso malamulo a kulapa, ndipo buku la malamulo a Eklezia la 1983 liwasunga. Masiku olamulidwa kusala zakudya ndi Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera, pamene mkristu adya mokwanira kamodzi, nalawa pang'ono m'mawa ndi madzulo. Lamuloli ligwira munthu kuyambira zaka 18 kufikira atayamba chaka chake cha 60; kusala nyama kugwira kuyambira zaka 14. Choncho ngakhale kwa Eklezia mtengo wa kusala suyezedwa ndi kutalika kwa maola.

Thomas Aquinas Woyera aphunzitsa kuti mkristu asala pa zifukwa zitatu: kugonjetsa zilakolako za thupi, kukweza mtima kwa Mulungu, ndi kulipira machimo. Kuchepetsa thupi sikuli m'gulu limeneli. Sikuti nkoipa, kusamala thupi limene Mulungu anapatsa munthu ndi ntchito yabwino, ndipo bambo wopewa matenda a shuga kuti alere ana ake achita chinthu choyenera. Koma wosala kuti chovala chimukwane asaganize kuti wachita Lenti. Zosala ziwirizi zingakumane pa tsiku limodzi, pokhapo mtima ukalunjika kwa Mulungu ndipo pemphero ndi zachifundo zikatsagana nako. Mneneri Yesaya, pa mutu 58, adzudzula osala amene aiwala anjala, ndipo Ambuye Yezu, pa mutu 6 wa Mateyo, achenjeza osala kuti anthu awaone.

M'dziko muno Lenti igwa kawirikawiri pa nyengo imene nkhokwe zambiri zili zopanda kanthu, chimanga chatsopano chisanache. Pa miyezi imeneyo mabanja ambiri adya kamodzi pa tsiku, osati potsata dokotala, koma posowa ufa. Papa Paul VI anaphunzitsa kuti kumene kuli chuma akristu alimbike pa kudzimana ndi pa zachifundo, ndipo kumene kuli umphawi apereke masautso ao kwa Mulungu m'pemphero. Chifukwa chake mphunzitsi asasenzetse wanjala mtolo wa maola. Ndipo mkristu wonenepa amene wachepetsa mgonero wake adzifunse kumene wapita ufa umene sanadye. Ukangotsala m'thumba, wapindula ndi thupi lake lokha. Ukafika kwa mai wamasiye kapena kwa mwana wopinimbira wa m'mphakati mwake, kusala kwake kwasanduka kwa chikristu.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi chimene chichepetsa thupi nchiyani: kutalika kwa maola, kapena kuchepa kwa chakudya?
2. Chifukwa ninji ndi bwino kufulumiza mgonero koposa kulumpha mfisulo?
3. Ndi anthu ati a m'mphakati amene sayenera kusala motere, ndipo adzawachenjeza ndani?
4. Kodi Eklezia alamula kusala zakudya masiku ati, ndipo lamuloli ligwira anthu a zaka zingati?
5. Kodi chakudya chimene akristu adzimana pa Lenti chingasonkhanitsidwe bwanji kuti chifike kwa osowa?